Amayi Amaiwalaiwala

Amayi atapuma pa ntchito ya uphunzitsi ananena kuti akufuna kukaona nyanja ya mchere. Moyo wawo wonse anakhala akuijambula ndi choko pa bolodi, kuphunzitsa ana a eni ake za mafunde ndi zombo, koma phazi lawo linali lisanapondemo. Bambo ali moyo ankangoti tidzapita, tidzapita, mpaka anatsogola osapitako.

Ana awo anali awiri. Wachisamba, wamwamuna, anali makaniko, ndipo atamva za ulendowo anangoseka n'kunena kuti, "Pitani, mukatitengereko mchenga." Mzime, wamkazi, anali namwino pa chipatala chachikulu. Iyeyu ndi amene nkhaniyi inamudyetsa mutu.

"Nokhanokha, amayi?"

"Nanga ndipite ndi ndani? Mphaka?"

"Dikirani ndipeze tchuthi, tipitire limodzi."

"Tchuthi chakocho ndinayamba kuchimva imvi zisanafike mbali ino ya mutu."

Namwino sankaopa zopanda pake. Mu wodi yake anali atalandirapo amayi ndi atsikana obwera atang'ambidwa zovala, ena osatha n'kulankhula komwe. Choncho anakhazika amayi ake pansi n'kuyamba kuwapatsa malamulo. Chikwama chizikhala kutsogolo. Takisi yoimika pamsewu ayi. Munthu akafunsa, azinena kuti ali ndi ana awo kuhotela. Amayi ankapinda zovala uku akugwedeza mutu.

"Chabwino, Dokotala," anatero. Ankamutchula choncho akafuna kumuseka.

Hotela anaisankha ndi namwino yemweyo, yaing'ono, yoyang'ana kunyanja. Tsiku la ulendo anawakweza basi, n'kuima mpaka basiyo itakhota. Pobwerera kuntchito mtima unakana kukhazikika. Anaima pakhonde la wodi n'kuimbira foni kuhotela kuja, kupempha kulankhula ndi manijala.

Manijala anali bambo wa mawu osalala. Anamvetsera bwinobwino pempho la namwino loti aziyang'anira amayi ake, kenako anati, "Mayi, alendo athu ndi anthu akuluakulu. Timawalangiza koyenda ndi kosayenda, koma sitiwalondalonda. Sitingawaletse kutuluka."

Apa ndi pamene namwino ananena chinthu chimene sanachikonzekere.

"Amayi anga amaiwalaiwala. Ndi matenda a ukalamba, angoyamba kumene. Ine ndine namwino, ndikudziwa chimene ndikunena. Mukawaona mudzati ali bwinobwino, amalankhula zomveka, koma nthawi zina amasokera, ndiponso amatha kunena zinthu zimene sizinachitike. Chonde musawauze kuti ndakuuzani, amakwiya."

Mawu a manijala anasintha pomwepo. "Aa, pepani kwambiri. Bwenzi mutayamba ndi zimenezo. Tili ndi mlonda wathu wamasana, wakhala nafe nthawi yaitali. Ndimuuza aziwayang'anira, akatuluka aziwaperekeza."

Namwino anathokoza, n'kubwezera foni m'thumba. Kachinthu kanamubaya mumtima, koma anakapondereza. Bodza loteteza kholo lako, anadziuza, ndani angakuzenge nalo mlandu?

Masiku oyamba amayi ankaimba madzulo aliwonse, mawu ali myaa ngati a mtsikana. Madziwo analidi amchere, anachita kulawa. M'mawa nyanjayo inkathawa kupita kutali n'kusiya maboti atagona cham'mbali pamchenga, masana n'kubwerera. Anaona azungu atapsa ndi dzuwa ngati nyama yootcha, akulipira ndalama kuti apse.

"Koma anthu a pahotela pano ali ndi kakhalidwe kena," anatero tsiku lina. "Amandilankhula mokweza, pang'onopang'ono, ngati ndine gonthi. Ndinafuna kukwera nawo boti lopita kuchilumba, akuti malo atha, chonsecho ndikuona ndi maso anga anthu akulembetsa pambuyo panga. Ndiye pali chibambo china cha yunifolomu, ndikangotuluka chili pambuyo."

"Ndi ulemu umenewo, amayi."

"Ulemu wotsata munthu mpaka pakhomo la chimbudzi cha kugombe?"

Namwino anaseka, amayi anasekanso, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsiku lotsatira mu wodi munadzaza anthu a ngozi ya basi. Foni ya namwino inatsala mu kabati. Ataitenga dzuwa litapendeka, anapeza amayi ataimba kambirimbiri motsatizana. Anayesa kubwezera, foni inangolira osayankhidwa. Anaganiza kuti mwina ali kugombe, analemba uthenga woti aimbanso, ndipo kutopa kunamugwetsa pabedi nsapato zili kumapazi.

M'mawa amene anaimba anali manijala.

"Mayi, musadzidzimuke, amayi anu apezeka. Analawira ndi sutikesi yawo osatsanzika munthu. Tinauza apolisi msangamsanga, awapeza pafupi ndi msika wa nsomba. Ali kupolisi, akuwasunga bwino mpaka mutabwera. Zikuoneka kuti matenda aja awavuta. Dzulo anayamba kunena zinthu zoipa za mlonda wathu."

"Zinthu zotani?"

"Akuti anawalowera m'chipinda. Koma inu musade nkhawa, ife sitinakhumudwe. Paja munatichenjeza kale."

Namwino anagwira khoma. Manijala ankapitirizabe kulankhula, koma iye sanamvenso kanthu.

Anapempha mnzake kuti amugwirire ntchito, n'kukwera basi yoyamba imene anaipeza. Achimwene ake anangowalembera kuti amayi adwala pang'ono, ndikukawaona. Njira yonse ankayesa kudzilimbitsa mtima. Mwina mlondayo anangogogoda. Mwina anasokoneza chipinda. Koma amayi ake ankawadziwa: munthu amene ankakumbukira dzina la mwana aliyense amene anamuphunzitsa, ndi dzina la kholo lake lomwe. Amayi sankanena chinthu chimene sichinachitike. Zoti amanena zosachitika anazipeka ndi iyeyo, ataima pakhonde la wodi.

Basi inafika m'mawa wa tsiku linalo. Mzindawo unali wotentha ndi wa chinyontho, fungo la nsomba litasakanikirana ndi la mafuta a galimoto. M'mbali mwa msewu anthu ankagulitsa zipewa, magalasi a dzuwa ndi mikanda ya zigoba. Mtsikana wina wachilendo, chikwama chili kumsana, ankayenda mothamanga, amuna awiri akumutsatira ndi kumuitana mayina achikondi, ndipo panalibe amene anatembenuka. Namwino anafunsa njira ya kupolisi.

Makoma a polisi anali atasupuka penti chifukwa cha mphepo ya mchere. Fani ya kudenga inkazungulira mwaulesi. Amayi anali pa benchi ya kukona, atakhala chilili ngati mmene ankakhalira pa msonkhano wa aphunzitsi, sutikesi ataipana ndi miyendo. Diresi lawo linali lokwinyika, m'nsapato muli mchenga. Atamuona nkhope yawo inamasuka, n'kuimirira.

"Wabwera, mwana wanga. Tabwera uwauze anthuwa kuti mutu wanga uli bwino. Chifikireni pano ndikulankhula ngati ndikulankhula ndi khoma. Ndikati ndabwera kudzadandaula, akundipatsa tiyi. Ndikati ndizipita, akuti dikirani mwana wanu. Pali munthu wawanamiza, sindikudziwa kuti ndani."

Wapolisi wamkazi amene anali pa kauntala anadzutsa mutu. Anali mayi wonenepa, wa maso otopa koma achifundo.

"Ndinu mwana wawo uja, namwino? Mwachita bwino kubwera. Tinawagoneka mu ofesi, sanavute. Mayi," anatembenukira kwa amayi, akukweza mawu, "palibe wanama. Ndi mwana wanuyu amene anadziwitsa a kuhotela za matenda anu, chifukwa amakukondani."

Amayi anayang'ana wapolisi uja, n'kuyang'ana mwana wawo. Anadikira kuti akane. Namwino anagwetsa maso pansi. Amayi anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono n'kukhalanso pa benchi paja.

"Ndiwe?"

"Amayi, ndimafuna kuti..."

"Ndakufunsa kuti ndiwe?"

"Ndine."

Fani inazungulira. Kunja wogulitsa madzi ozizira ankaitanira malonda.

Namwino anayenda kufika pa kauntala. "Bwana, amayi anga sadwala matenda aliwonse a m'mutu. Sanasokerepo, saiwala. Ndinanama ndine. Ndinkafuna kuti a kuhotela aziwayang'anira, atakana ndinapeka matendawo. Chilichonse chimene amayi akuuzani ndi choona."

Wapolisi uja anamuyang'ana nthawi yaitali. Chifundo chija chinachoka m'maso mwake. Anakoka pepala latsopano, n'kutulutsa mpando kuseri kwa kauntala, kuuika patsogolo pa amayi. Ulendo uno analankhula ndi mawu wamba.

"Mayi, pepani. Yambiraninso poyamba, ndikulemba."

Amayi anafotokoza osayang'ana mwana wawo. Anali masana, atabwera kugombe. Anasamba, n'kukhala pabedi atangodzimanga thawulo. Anamva kiyi ikutembenuka pachitseko. Analowa ndi mlonda uja, n'kunena kuti watumidwa kudzaona ngati amwa mankhwala. Iwo anati samwa mankhwala aliwonse, atuluke. Iye anatseka chitseko. Anawagwira mkono, dzanja lina likukoka thawulo.

"Ndinamuuza kuti ndikuwa. Anaseka. Anati, 'Kuwani, agogo, mawa mudzakhala mutaiwala.' Nthawi imeneyo sindinamve chimene amatanthauza."

Namwino anatseka pakamwa ndi dzanja.

"Pa tebulo panali ketulo. Ndinamumenya nayo paphewa, n'kukuwa. Kunja kunamveka mayi wokonza m'zipinda akukankha ngolo yake, ndiye anandisiya n'kutuluka. Ndinavala n'kupita kwa manijala. Anandikhazika pansi, kundipatsa madzi, n'kundifunsa kuti lero ndi lachingati. Ndinamuuza. Anandifunsa kuti ndadya chiyani m'mawa. Ndinamuuza. Kenako anati ndikapume, dzuwa la kuno limasokoneza. Munthu amene anamuitana kuti andiperekeze kuchipinda anali mlonda yemweyo."

Cholembera cha wapolisi chinaima pang'ono, n'kupitiriza.

"Ndinakana, ndinapita ndekha. Ndinaimbira mwana wangayu, sanayankhe. Ndinatchinga chitseko ndi mpando ndi tebulo. Foni ndinaisiya pabedi, ine ndili pachitseko, sindinafune kusuntha. Kutacha ndinatenga katundu wanga kuti ndibwere kuno ndekha. Ndikufunsa njira pamsika paja, galimoto yanu inaima, anyamata anu n'kundinyamula ngati thumba, anthu akuonerera."

Anapinda mkono wa diresi. Pamwamba pa chigongono panali mabala akuda, ondondozana. Namwino anali ataonapo mabala otero kambirimbiri pa mikono ya amayi a eni ake, ndipo ankadziwa kuwalemba m'buku la chipatala: zala za munthu, chala chachikulu mbali inayo. Anatambasula dzanja kuti awakhudze. Amayi anatsitsa mkono wa diresi.

Wapolisi anapatsanso namwino pepala lake. "Inunso lembani. Zimene munanena pafoni, mawu ake enieni, ndi kuti zinali zabodza. Musachotsepo kanthu."

Analemba. Atafika pa mawu akuti amatha kunena zinthu zimene sizinachitike, cholembera chinamulemera, koma anawalemba, n'kusaina pansi pake.

Anapita kuhotela pa galimoto ya polisi, amayi kutsogolo, namwino kumbuyo ndi wapolisi wamwamuna. Mlonda anali pa geti, yunifolomu yositidwa bwino. Anatsegula geti n'kuchitira sawasha. Ataona amayi anamwetulira ngati mmene munthu amamwetulira kwa mwana. Namwino anamuyang'ana: bambo wamba, wa imvi pang'ono m'mbali, woti ukakumana naye pamsewu ungamufunse njira. Ndipo ndi namwino yemweyo amene anachita kupempha yekha kuti amayi ake aziyang'aniridwa, n'kupatsidwa munthu ameneyu.

Manijala anawalandira ndi manja awiri, koma atamva chimene abwerera anasintha nkhope.

"Koma mayi, munanena nokha. Munati ndinu namwino. Ine ndikanatani?"

"Ndinanama," anatero namwino. "Koma amayi atabwera kwa inu akunjenjemera, mukanayang'ana mkono wawo."

"Inuyo mukanayankha foni yawo," anatero manijala.



Wapolisi wamkazi anaitanitsa mayi wokonza m'zipinda. Anabwera akupukuta manja pa epuloni, maso ali kwa bwana wake. Atafunsidwa anavomera kuti anamva kukuwa, ndipo anaona mlonda akutuluka m'chipindamo atagwira phewa. Anakanena ku ofesi, koma anauzidwa kuti mlendoyo ndi wodwala mutu, asamale ntchito yake. Wapolisi wamwamuna anapita ku geti. Mlonda atauzidwa kuti avule shati anayamba kulankhula zambiri nthawi imodzi. Paphewa panali potupa. Anamukweza m'galimoto.

Asananyamuke, wapolisi wamkazi anaitanira amayi ndi mwana wawo pambali, pansi pa mtengo wa pabwalo.

"Ndisakunamizeni, mlanduwu sukhala wophweka. Kukhoti munthuyu adzanena kuti amayiwa amaiwalaiwala, ndipo adzati ananena ndi mwana wawo, namwino. Inu mudzaima n'kunena kuti munanama. Iwo adzafunsa kuti munanama liti, poyamba kapena tsopano. Ndiye mayi, pafunika mukaonane ndi dokotala wa boma, aone mabalawo, komanso akuyezeni mutu, alembe kalata yoti muli bwino."

"Andiyeze mutu," anatero amayi.

"Pepani. Ndi mmene zilili."

Kuchipatala namwino anakhala pa benchi ya panja. Chitseko sichinatsekeke bwino, ndipo ankamva zonse. Dokotala wachinyamata ankafunsa amayi kuti atchule miyezi chobwerera m'mbuyo, ajambule wotchi, abwereze mawu amene anawauza poyamba. Amayi ankayankha funso lililonse modekha, ndi mawu awo a m'kalasi. Namwino ankawadziwa mafunsowo, anali atafunsapo makolo a anthu ena. Anaweramira pa mawondo n'kulira mosatulutsa mawu. Mayi wina amene anakhala naye pafupi anamusisita kumsana n'kunena kuti, "Limbani mtima, achira." Zimenezo zinamuliritsa koposa.

Atatuluka anayenda osalankhulana mpaka pa khoma lalifupi lotchinga mafunde. Amayi anakhala pamenepo, sutikesi pambali. Madzi anali atabwerera, akumenya miyala. Namwino anakhala chapatali pang'ono.

"Amayi, ndimaopa. Zimene ndimaona kuntchito..."

"Ndikudziwa kuti umaopa. Inenso ndinkaopa tsiku limene unapita kusukulu ya unamwino, kumzinda kumene sunkadziwa munthu. Sindinagone. Koma sindinaimbire aphunzitsi ako kuwauza kuti ndiwe wamisala."

"Ndikhululukireni."

"Chibambo chija chokha ndikanathana nacho, ndipo ndinathana nacho. Ndakhala ndikuthana ndi otere iwe usanabadwe, m'mabasi, m'maofesi a maphunziro. Mkazi akamayenda yekha chimene amadalira ndi pakamwa pake, kuti akakuwa anthu abwera, akanena anthu amva. Iwe unandilanda pakamwa, n'kundikweza basi, n'kumandibayibitsa."

Namwino anagwada pa simenti yotentha, anthu odutsa akumuyang'ana. "Ndikhululukireni, amayi."

"Dzuka, ukundichititsa manyazi. Ndidzakukhululukira, ndiwe mwana wanga, ndikakutaya kuti? Koma osati lero. Lero ndilibe mphamvu imeneyo."

Anadzuka n'kupukuta m'mawondo. "Basi ya masana ilipo. Tiyeni tizipita kunyumba, mukapume."

"Upita ndiwe. Ine masiku anga sanathe."

"Mukhalanso kuno? Zitachitika zimenezi?"

"Ndikapita lero, chimene ndidzakumbukire cha nyanja ino ndi chitseko chotchinga ndi mpando. Wapolisi uja wandiuza za nyumba ina ya alendo, mwini wake ndi mayi, zitseko zake zili ndi loko wa mkati."

"Dzina lake?"

Amayi anangomuyang'anitsitsa.

"Sindiimbako, amayi. Ndikulumbira."

"Ndikudziwa kuti suimbako."

Anatulutsa foni yawo n'kuimba nambala imene wapolisi anawapatsa. Posakhalitsa takisi inaima. Amayi anazungulira kutsogolo kwake, kujambula nambala ya galimoto, n'kusuzumira pawindo kuyang'anitsitsa woyendetsa. Anadinadina pafoni. Namwino anagwira thumba lake kudikira kuti foni yake ilire. Siinalire.

"Ndatumizira achimwene ako," anatero amayi. "Ukawauze wekha chimene chachitika, usadikire kuti amve kwa ine."

Namwino ananyamula sutikesi kuti aike m'galimoto, ndipo amayi anamulola. Atakhala pampando wakumbuyo anatsitsa galasi.

"Wadya?"

"Ayi."

"Ukadye usanakwere basi. Nkhope yako yachita kugwa."

Takisi inalowa mumsewu, pakati pa njinga ndi ngolo za ogulitsa zipatso, n'kukhota pa kona. Namwino anaima pamenepo mpaka wogulitsa zipewa atayamba kumuzungulira. Anayenda kupita kokwerera basi, ndipo ali m'njira anaimbira achimwene ake. Anayankha ali mkati mwa phokoso la zitsulo.

"Ndalandira chithunzi cha takisi kuchokera kwa amayi. Si unati akudwala? Chikuchitika n'chiyani kumeneko?"

"Achimwene, tachokani kaye pa phokosopo," anatero namwino. "Nkhaniyi ndi yaitali, ndipo wolakwa ndine."